Zikomo nonse, ndafika zaka 60

Dzulo ndakwanitsa zaka 60. Mayi anga anatisiya ali ndi zaka 59, sitiroko itawagwetsa pakhonde akupeta chimanga. Chaka chonse chapitachi mumtima ndimangoti nanenso ndithera pomwepo, koma sindinauze munthu.

Zinayamba ndi mutu woboola kumbuyo kwa khosi. Kuchipatala namwino anandiyeza BP, anakhala chete, n'kuyezanso. Inali 180/110. Anandifotokozera kuti yabwino imakhala cha m'ma 120/80, ndipo ikafika 140/90 ndiye kuti yakwera. Anandipatsa amlodipine, kambewu kamodzi m'mawa uliwonse. Ndisanazolowere zimenezo, ndinapeza kachotupa m'bere posamba. Ndinadikira zotsatira masabata atatu, nsima osalowa. Zitabwera anati si khansa. Kenaka diso lamanzere linayamba kuona ngati muli chifunga, ndipo anapeza kuti ndi ng'ala.

Matendawo anali ndi mankhwala ake. Chimene chinandidya kwambiri ndi mantha. Ndimadzuka pakati pa usiku n'kuika dzanja pachifuwa kumvera mtima. Dzanja likachita dzanzi chifukwa choligonera, ndimati basi, yabwera ija ya amayi. Ndinafika polemba m'kope kuti nsalu zanga ndi mapoto adzatenge ndani. Ndipo si imfa yokha imene ndimaopa. Kumudzi kwathu ndaona agogo akuwanena kuti ndi mfiti mwana akamwalira, anthu omwe anawalera n'kuwathawa. Ndikaona imvi pagalasi, nkhope za agogo amenewo zimandibwerera.

Mwana wanga wamkazi, uli ku Johannesburg uko koma unali nane ngati uli m'chipinda chinachi. Unanditumizira makina oyezera BP, ndipo utamva kuti ndikuyeza kakhumi pa tsiku unandiimbira n'kunena kuti, "Amayi, m'mawa ndi madzulo basi, kenaka muwabweze m'kabati." Ndinakwiya tsiku limenelo. Lero ndikuthokoza.

Anamwino, dzina lanu sindilemba pano koma mukudzidziwa. Mzere unali wautali mpaka panja, komabe munakoka mpando n'kundifotokozera kuti mchere usapitirire magalamu 5 pa tsiku, kasupuni kakang'ono kamodzi, kuwerengera ndi wa mu usipa wouma womwe. Munandiuzanso kuti soda amene timathira mu therere naye amakweza BP, zomwe sindimadziwa. Koposa zonse munandiuza kuti ndisasiye mankhwala ndikaona ngati ndapeza bwino.

Bambo a kunyumba, mwadya ndiwo zosakolera mchere miyezi yonseyi osadandaula, ndipo m'bandakucha uliwonse mwayenda nane mpaka pamjigo ndi kubwerera. Usiku umene munapeza kope lija simunandikalipire. Munangokhala pambali panga mpaka kunacha.

Amayi anzanga a Mvano, zikomo chifukwa cha mapemphero, nkhuni ndi ufa. Koma mundilole nditchule mwapadera agogo athu aja amene apitirira zaka 80 ndipo akhala ndi shuga nthawi yaitali. Anabwera okha ndi ndodo yawo, fumbi la kudimba lili kumapazi, n'kukhala pamphasa. Ndinawaululira zonse, ndi za kope zomwe. Anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mwanawe, zaka za mayi ako zinali zawo. Iwe imwa mankhwala, upite ukadzale mbatata." Ndinalira ngati mwana, ndipo usiku umenewo ndinagona mpaka tambala.

Mantha sanatheretu. Tsiku lina amabwera ndithu, makamaka ndikamva za maliro a munthu wa msinkhu wanga. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano ndimadzutsa bambo n'kuwauza, kapena ndimaimbira mwana.

Lero m'mawa makina aonetsa 132/84. Opaleshoni ya diso andipatsa mwezi wamawa, ndiye mupitirize kundikumbukira m'mapemphero. Mbatata ndinadzala, ndipo yachita bwino. Loweruka masana tidzakhala pakhomo pano ndi thobwa ndi mbatata yomweyo. Amene mungathe, bwerani tidzathokoze Mulungu limodzi.