Mabuleki akunjenjemeranso? Musathamangire kugula disiki ina

Mmawa uno pagalaja pafika Corolla, mwini wake akudandaula kuti anasintha madisiki miyezi itatu yapitayo koma chiwongolero chayambanso kugwedezeka akaponda buleki pa liwiro la 80. Amakaniko anzanga, tisamangoti "disiki yapindika" kenako kusikima (kupala disiki pamakina) basi. Nthawi zambiri vuto limakhala pa habu, chitsulo chozungulira chomwe disiki ndi tayala zimamangidwapo.

Dzimbiri lochepa chabe pakati pa habu ndi disiki limapendeketsa disikiyo, mapadi n'kumaikhula mbali imodzi, ndiye imatha mosafanana. N'chifukwa chake vutoli limabisala kaye n'kudzabwerera patapita makilomita masauzande angapo. Palani habu ndi bulashi ya waya mpaka chitsulo chiwale, mangani disiki, muyeze kupendekeka kwake ndi chipangizo choyezera cha dial gauge. Kukapitirira 0.05 mm pozungulira, pali cholakwika, mwina beringi kapena habu yeniyeniyo. Manati a tayala amangidwe modumphitsa ndi torque wrench (sipanala yoyeza kulimba kwa nati), pa Corolla ndi 103 Nm, osati kudumphira pa sipanala ndi paipi ngati mmene amachitira ena okonza matayala. Mapini a kalipa (chopanikizira mapadi pa disiki) atsetsereke ndi dzanja. Akauma, padi imakanirira ndipo disiki imapsa mpaka kuoneka yabuluu. Musanasikime onani nambala ya MIN TH yolembedwa padisikipo, yomwe imasonyeza malire a kupyapyala kwa disiki.

Inunso madalaivala, mukaika mapadi atsopano pondani buleki kasanu ndi katatu kuchoka pa 60 kufika pa 10 osaimiratu, kenako muyendetse galimoto kuti mabuleki azizire. Potsika Chiweta kapena Golomoti ikani giya yotsika, ndipo mukafika pansi musaime phazi lili pabuleki yotentha, padi imadinda chizindikiro pa disiki.