Zikomo nonse amene munaseka, munalira, ngakhalenso amene munatikalipira

Papita masabata atatu chiyambireni kuonetsa filimu yathu ija, ndipo lero ndi pamene mtima wakhala pansi moti ndingathe kulemba. Pepani kuti ndachedwa kuthokoza.

Kwa amene simunaionere, ndi nkhani ya mphunzitsi wamkazi amene wabwerera kutauni yaing'ono komwe anakulira, tauni yoti ukatsokomola kumtunda, kumunsi amva kale kuti wagonekedwa m'chipatala. Kumeneko akukumana ndi mwamuna amene anasiyana naye zaka 10 zapitazo, ndipo tauni yonse ikulowerera pa nkhani yosawakhudza.

Ndiyambe ndi inu owonera. Tsiku loyamba ndinakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko, kuti zikavuta ndingozemba. Filimu yanthabwala siibisa manyazi a mwini wake: anthu akapanda kuseka, chete wa mu holo umamumva mpaka m'mimba. Mphindi zoyambirira kunali zii. Kenako tinafika pamene mwamuna uja akufuna kubisala kuseri kwa mpanda womulekeza m'chiuno, bambo wina anaphulika ndi phwete, holo yonse n'kutsatira. Apo ndi pamene ndinazindikira kuti nthawi yonseyo ndinali nditafinya kiyi m'manja mpaka wandisiyira chizindikiro.

Ndipo inu amayi amene munaimirira kumapeto, mtsikana uja akukwera basi, n'kukuwa kuti, "Tsika iwe, ukupita kuti?", dzina lanu sindikulidziwa, koma mwandilipira zaka ziwiri zimene ndinavutika ndi filimuyi.

Tsopano kwa olemba ndemanga. Ena munatiyamikira, zikomo. Koma ndikufuna ndikhalitse pa bambo mmodzi amene sanatinyengerere. Analemba zinthu zitatu: kuti pakati pa filimu pakukoka, kuti mawu ena sakugwirizana ndi milomo, komanso kuti filimuyi siikudziwa ngati ndi yoseketsa kapena yomvetsa chisoni. Usiku umenewo ndinalemba yankho lalitali pa Facebook, lodzaza ndi ukali, mwamwayi ndinalifufuta ndisanalitumize. Kutacha ndinaioneranso ndili ndi wotchi pambali.

Bambo, pa ziwiri zoyambazo munanena zoona. Pa ntchito yathuyi timawerengera kuti tsamba limodzi la nkhani yolembedwa limatenga pafupifupi mphindi imodzi pa kanema. Chigawo chimene awiriwa akuyenda m'mbali mwa njanji chinali masamba atatu, koma ine ndinachisiya mphindi 7, chifukwa choti tinachijambula dzuwa likulowa ndipo kuwala kwake kunandikomera. Ndinakonda chithunzi, n'kuiwala munthu amene wakhala pampando. Za mawuzo, tsiku limenelo kunali chimphepo, maikolofoni anangotola phokoso lokhalokha. Tinachita kujambulanso mawu m'chipinda titapachika mabulangete m'makoma. Filimu imayenda zithunzi 24 pa sekondi imodzi, ndiye mawu akangotsalira ndi zithunzi zitatu kapena zinayi, diso limaona ndithu. Ine ndinkaganiza kuti palibe adzazindikire.

Koma pa chachitatucho ndiye ayi, sitigwirizana. Kusakaniza kuja tinachitira dala. Mwamuna uja amaseketsa chifukwa choti akuopa, ndipo nthabwala zake zikatha mpamene umaona kuti wakhala yekha zaka zonsezi. Tikanachotsa chimodzi, chinacho chikanafa. Owonera sanasokonezeke nazo: ndinaona ndi maso anga mnyamata wina akuseka, patangopita kanthawi akupukuta m'maso ndi kolala ya malaya, kwinaku akuyang'ana uku ndi uku ngati wina wamuona.

Za mathero, mauthenga anu ndikuwawerenga onse. Ena mukuti mtsikanayo anachita bwino kupita, ena mwandikwiyira ngati ndine ndinamugulira tikiti. Banja lina linandilembera kuti anakangana njira yonse pobwerera kunyumba. Mathero sindisintha, koma musasiye kukanganako, kukundisangalatsa kwambiri.

Kwa osewera athu awiri, amene munabwereza chigawo cha pa mpanda chija maulendo 14 osadandaula, kwa wojambula, kwa mchemwali amene unagwira ndodo ya maikolofoni mpaka mapewa kuuma, ndi kwa anthu a m'tauni imene tinajambulamo, amene munkazimitsa mawailesi anu tikakupemphani: zikomo kwambiri. Kwa amayi anga, amene mpaka pano akufunsabe kuti ntchito yeniyeni ndiyamba liti, koma anakhala mzere woyamba: zikomo amayi.

Chigawo cha panjanji chija ndachidula, chatsala mphindi zinayi, ndipo mawu tawakonza. Tikamaonetsanso mudzaona filimu yofupikirapo. Bambo olemba ndemanga aja, mpando wanu ndakusungirani, pakati penipeni, kutali ndi chitseko.