Masilaidi anga anathamangira nkhomaliro

Mu PowerPoint muli batani lina lolembedwa Rehearse Timings, pansi pa Slide Show. Ntchito yake ndi yabwino ndithu: iwe ukuyeserera kulankhula, ilo likuwerenga masekondi amene watha pa silaidi iliyonse. Ukamaliza limakufunsa ngati ukufuna kusunga nthawizo. Ine ndinadina Yes. Inali cha m'ma 10 koloko usiku, nsima ili m'mimba, tulo tili m'maso, ndipo funsolo sindinaliwerenge n'komwe.

Kuntchito anandituma kuti ndikalankhule kwa alimi, makomiti ndi mafumu pa loji ina ku Senga Bay, nkhani yake ya chuku cha mtedza. Unali mwezi wa Epulo, anthu atatsala pang'ono kuyamba kukumba. Anandipatsa mphindi 20. Ndinakonza masilaidi 38. Mukawerengera, silaidi iliyonse inali ndi theka la mphindi, pamene munthu wofuna kuti omvera aone chithunzi, achimvetse, kenako abwerere kwa iye, amafunika mphindi imodzi kapena ziwiri. Masilaidi 12 akanakwana, mwina ngakhale 10. Koma ndinamva kuti kubwera abwana ochokera ku Lilongwe, ndiye ndinafuna aone kuti ku Salima kuno sitigona.

Kuyeserera kwanga kunayenda motere. Masilaidi 8 oyambirira ndinangowawerenga chamumtima, masekondi 6 kapena 7 iliyonse, chifukwa amene analemba ndine. Nditafika pa silaidi ya 9, mayi akunyumba anaitana kuti nsima ikuzizira. Ndinanyamuka osaimitsa kanthu. Ndinasamba m'manja, ndinadya, ndinaweruza mlandu wa ana wolimbirana mutu wa nsomba, n'kubwerera patatha mphindi 26. Masilaidi otsalawo ndinangowadinadina, masekondi awiriawiri, pofuna kuona ngati alipo onse. Kenako Yes uja.

Mmawa ndinakwera galimoto pa Kamuzu Road ndi mnzanga wa kuofesi, ndipo tinafika kutatsala mphindi 15 kuti tiyambe. Wodziwa ntchitoyi amafika ola lathunthu msonkhano usanayambe, n'kulumikiza zonse, kukakhala pa mpando wakumbuyo kwenikweni, ndi kuyendetsa masilaidi kuyambira woyamba mpaka womaliza m'chipinda momwemo. Ine mphindi zanga 15 zinathera pa chingwe.

Pulojekita ya pamenepo inali yachikale, yolandira VGA yokha, chingwe cha mutu wabuluu wa mapini 15 chija. Laputopu yanga ili ndi HDMI basi. Mwamwayi mnzanga amayenda ndi adaputa m'chikwama. Tinalumikiza, chithunzi chinabwera, koma khoma lonse linali la pinki. Pa VGA mtundu uliwonse uli ndi pini yake: yoyamba wofiira, yachiwiri wobiriwira, yachitatu wabuluu. Yachiwiri ikapanda kugunda bwino, choyera chimasanduka pinki, chachikasu chimafiira, chobiriwira chimada. Tsono ine mitu yanga ndinailemba yachikasu pa tsamba loyera, zimene ndi zolakwika kale ngakhale chingwe chili chatsopano, ndipo chuku chimene ndinabwera kudzaonetsa chimakhala chobiriwira mosakanikirana ndi chikasu. Pakhomapo mtedza wabwino ndi wovunda zinkaoneka ngati zonse zaviikidwa mu sobo.

Mnyamata wa palojipo anagwira mutu wa chingwe, n'kuupendeketsa pang'ono, mitundu inabwerera. Atausiya, pinki. Timasikuluu tiwiri tomangira mutuwo tinathothoka kalekale. Anaimirira choncho ataugwira ngati akuyeza wodwala, mpaka tinapeza botolo la madzi n'kutsamiritsapo.

Vuto lachiwiri linali la msinkhu. Masilaidi anga anali otambalala, a 16:9, pulojekita ya 4:3. Zikatero chithunzi chimakwana m'lifupi koma chimasiya mizere yakuda pamwamba ndi pansi, ndipo gawo limodzi mwa magawo anayi a khomalo limangotayika. Zimakonzeka pa Design, kenako Slide Size, koma ukasintha pamenepo zithunzi ndi mawu zimasuntha, ndiye sizochita anthu atakhala kale pansi. Zilembo zanga zinali za saizi 14, mizere 11 pa silaidi. M'chipinda cha anthu ambiri mawu asachepere 28, mutu 36 kapena 40, ndipo mizere isapitirire isanu. Kuwala kwa kunyanja kunkalowa pa mawindo opanda makatani n'kumeza zotsalazo. Amayi awiri a m'komiti anatibwereka zitenje, tinazipachika pa mawindo awiri oyandikira khomalo. Ndiwo ofunika kutseka. Akumbuyo asiyeni anthu aziona polemba, komanso asagone.

Chingwe chinali chachifupi, motero laputopu inakhala pa tebulo la pakona, mnzanga pambali pake, ine kutsogolo. Tinagwirizana kuti ndikagwedeza mutu iye azidina. Ndinamuuza adine Windows ndi P, asankhe Duplicate, kuti zimene zili pa laputopu zikhalenso pakhoma. Ndinaona ngati n'zosavuta. Njira inayo, Extend, ikanandipatsa Presenter View, pomwe anthu amaona silaidi yokha, iwe ukuona manotsi, silaidi yotsatira ndi wotchi. Kusiyana kwa ziwirizi ndinakudziwa bwino nthawi ya nkhomaliro.

Pemphero linachitika, malonje anachitika, abwana anandiitana. Mnzanga anadina F5.

"Gogo chalo, mafumu onse, abwana athu ochokera ku likulu, amayi ndi abambo..."

Ndisanamalize ulemu, silaidi ya mutu inachoka. Ndinamuyang'ana mnzanga. Ndinayamba kufotokoza ya zolinga, nayonso inachoka ndili pa cholinga choyamba.

"Pang'onopang'ono, achimwene," ndinatero ndikumwetulira.

Yachitatu inabwera, inapita. Ndinayamba kulankhula mothamanga ngati wolengeza mpira pa wailesi, kuti mwina ndiipeze. Tebulo la manambala limene ndinalikonza masiku awiri linakhala pakhoma masekondi 6.

"Achimwene, ndati ndikagwedeza mutu!"

"Mukugwedezatu," anayankha wina kumbuyo. Zinali zoona, koma ndinkagwedeza chokana.

Mnzanga anakweza manja onse awiri m'mwamba ngati wagwidwa ndi apolisi, kuti aliyense aone kuti sakukhudza kanthu. Manja ali m'mwamba choncho, silaidi inasintha. M'chipindamo munamveka "Iiih!" Agulupu ena achikulire, a chipewa ndi ndodo, anasuntha mpando wawo kuutalikitsa ku tebulo lija.

"Ana inu, chinthuchi chili ndi mwini wake," anatero.

Mankhwala ake analipo pafupi, batani limodzi. Masilaidi akamayenda okha, kudina S kumawaimitsa. Kapena Esc, kupita pa Slide Show, kuchotsa kachizindikiro pa Use Timings, n'kubwerera ndi Shift ndi F5 kuti uyambire pomwe unalekera. Ndikanatsegula Slide Sorter mmawa uja, pomwe masilaidi onse amaoneka pamodzi, ndikanaona timanambala ta nthawi pansi pa silaidi iliyonse. Ndikanakhala ndi PDF pa fulashi, ndikanatsegula imeneyo, chifukwa masamba ake amadikira mwini wake. Zonsezi ndimazidziwa, ndimaphunzitsanso ena. Koma thukuta likayamba kutsika m'khosi pamaso pa mafumu, mutu umatsala ndi dzina lako lokha.

Kenako silaidi ya 9 inafika, n'kuima.

Ndinadikira. Sinasunthe. Ndinauza mnzanga chapansipansi kuti asachikhudzenso, chagona. Pakhoma panali chithunzi chimodzi chopanda mawu: dzanja la mlimi, mbali ina mtedza wosalala, mbali ina wonyala wa chuku. Poti ndinalibe chowerenga, ndinatembenukira kwa anthu. Mpaka nthawi imeneyo ankaona nkhongo yanga yokha. Ndinafunsa kuti ndani anaonapo mtedza wotere, manja anakwera pafupifupi onse. Tinakamba za kukumba pa nthawi yake, za kuumitsa pa milu ya Mandela makoko asakugunda dothi, za kusankha wowonongeka osaupereka kwa ana kapena kuusinja nsinjiro. Nditafika pa chizolowezi chowaza madzi makoko kuti afewe pouswa, amayi anayamba kuyang'anana ndi kuseka, wina n'kunena kuti zala zimapweteka. Mkangano unabuka wabwino kwambiri. Abwana ankalemba. Nthawi yanga inali itatha kalekale koma palibe anayang'ana wotchi, ndipo ine ndinayamba kuganiza kuti tsikuli lapulumuka.

Sindinkadziwa kuti chimene chinagwira silaidiyo ndi nsima ya dzulo, ndipo kuti nsimayo ili pafupi kutha.

Agulupu aja anakweza ndodo. Anaimirira pang'onopang'ono, anavula chipewa, anapereka ulemu kwa gogo chalo, kwa mafumu anzawo mmodzimmodzi, kwa abwana, kwa ife ana awo. Anayamba ndi mtedza wa Chalimbana umene ankalima makolo awo. Anali asanafike pa funso pamene khoma kumbuyo kwanga linadzuka. Masilaidi 28 anadutsa m'kamphindi kamodzi: magirafu, matumba, nkhokwe, chithunzi changa nditavala magambutsi. Botolo lija linagwa, zonse zinasanduka pinki. Anthu anasiya kuyang'ana agulupu. Ndiye panafika silaidi yomaliza, yokhayo imene ndinailemba ndi zilembo za saizi 60, zowerengeka ngakhale uli m'bwato: ZIKOMO KWAMBIRI. TIWOMBE M'MANJA, TIKADYE.

Anthu anawomba m'manja. Akumbuyo anaimirira. Fungo la chambo linali litayamba kale kulowa pa mawindo opanda zitenje aja, ndiye panalibe wowabweza. Agulupu anatsala chiimire, chipewa m'manja, akuyang'ana khoma, kenako ine.

"Mwana wanga, ukanangondiuza ndi pakamwa kuti ndatalikitsa."

Ndinagwada pomwepo. Ndinayesa kufotokoza za Rehearse Timings m'Chichewa cha ulemu, koma chimene chinatuluka n'chakuti kompyuta inasunga nthawi imene ndinkadya nsima, ndipo zinangoipiraipira. Batani la B limadetsa khoma lonse nthawi yomweyo, ndipo ndi limene umayenera kudina munthu akangoimirira kufunsa, kuti maso onse apite kwa iye. Mnzanga, pofuna kundithandiza, anadina Esc.

Apa m'pamene Duplicate inabweza ngongole yake. Laputopu inali italumikizidwa ku intaneti ya pafoni yanga, WhatsApp ili yotsegula kumbuyo, ndipo Do not disturb, yoletsa mauthenga kutulukira pa sikirini, sindinayatse. Pakona ya khoma, pamaso pa amene anali asanatuluke, panatuluka uthenga wa mayi akunyumba. Pinki, koma wowerengeka bwino kuposa silaidi yanga ina iliyonse:

"Abambo, alawansi akakupatsani musadutsire kuja. Chambo ziwiri zazikulu. Ndawerengera kale."

Mphunzitsi wina wopuma amene anakhala kutsogolo anauwerenga mokweza, kuthandiza amene maso awo ndi ofooka. Abwana anaphimba nkhope ndi pulogalamu, mapewa akugwedezeka. Amayi a zitenje aja anaimba nthungululu.

Pa nkhomaliro palibe anafunsa za chuku. Abambo atatu osiyana anabwera kudzandifunsa chapansipansi kuti "kuja" ndi kuti. Abwana anangoti lipoti ndiwatumizire, koma chithunzi cha dzanja chija ndiwapatse padera, akufuna akachigwiritse ntchito kwina. Za masilaidi 37 enawo sanatchule.

Madzulo, nditasaina alawansi, ndinatsikira kugombe kumene amagulitsa nsomba. Ndinatola chambo chimodzi chapakatikati n'kuyamba kunenerera, ndikuganiza kuti chotsalacho ndiona nacho chochita. Ndinamva ndodo ikugogoda pa benchi. Agulupu aja anali kumbuyo kwanga, akudikira kabaza, chipewa chitabwerera kumutu. Sanandiyang'ane ine. Analankhula ndi wogulitsayo.

"Mupatseni ziwiri, zazikulu. Tonse tawerenga."