Mneni wakuti reverberate ndi pamene wolankhula Chikoreya amapunthwa

Pophunzitsa wolankhula Chikoreya mneni wa Chingerezi ameneyu, musayambe ndi dikishonale, yambani ndi khutu. Pitani naye wophunzirayo m'tchalitchi mopanda anthu, kaya ku Ulónguè kaya mumzinda wa Tete, muwombe m'manja kamodzi. Kulira kumene kumatsalira, kukugunda khoma ili, khoma ilo ndi denga mpaka kuzimiririka, ndiko Angerezi amati reverberate. Echo ndi ina: mawu amabwerera paokha, omveka bwino, ngati mukakuwa moyang'anizana ndi matanthwe a ku Cahora Bassa. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, ndiye kuti khutu lisiyanitse opita ndi obwerera, thanthwelo litalikire mamita 17 kapena kuposa.

Vuto lalikulu lili pa mneni wa Chikoreya wakuti ullida. Womwewo amanenera belu, foni ndiponso phanga. Motero wophunzira amalemba kuti "the phone reverberates", pamene foni imafuna ring. Mumuuzenso kuti munthu sachita reverberate chinthu. Mawuwo ndiwo amatero. Mum'patse ziganizo ziwiri zokha tsiku loyamba: "The drums reverberated through the village" ndi "The hall reverberated with singing". Choyamba chikunena za ng'oma, chachiwiri za malo amene adzaza ndi kulirako, n'chifukwa chake pali with.

Katchulidwe ndiye kamafuna kuleza mtima. Chikoreya chilibe v, amaika b, ndipo m'liwu limeneli v ndi b zatsatana. Tengani kalilole. Pa v mano akumwamba akhudze mlomo wam'munsi, pa b milomo itsekane. Abwereze very ndi berry kakhumi asanayese liwu lonse. Pa r lilime lisakhudze kumwamba kwa m'kamwa. Apa aphunzitsife tidziyang'anenso, pakuti m'Chichewa l ndi r zimalowana monga momwe zimachitira m'Chikoreya.

Liwuli lili ndi maphatikizo 4, ndipo mphamvu imagwera pa lachiwiri. Amene tinaphunzira m'Chipwitikizi timakokera mphamvu kumapeto monga mu reverberar, ndipo wophunzira amatengera pomwepo. Pothera pake pali t wouma. Mkoreya amafuna kuwonjezapo kalembo kaliwu, ife timawonjeza i. Mujambuleni pa foni, amve yekha ngati maphatikizo akwana 5, kenako adule lomalizalo.