Ndege ikamabwerera chammbuyo, mapazi achoke pa mabuleki

Tsopano ndiye mtima wakhala pansi. Anzanga amene tikuphunzira limodzi zokonza ndege kuno ku Harare, za reverse thrust, mphamvu ya injini yokankhira ndege chammbuyo, sindibwerezanso. Mukudziwa kale kuti injini siizungulira mobwerera, imayamwa mpweya kutsogolo monga mwa nthawi zonse, ndipo zitseko za pa injinipo, zotchedwa reverser, ndi zimene zimaukhotetsa kuti utulukire chakutsogolo. Chimene chinkandizunguza mutu ndi powerback, pamene ndege imachoka yokha pageti, pamalo okwezera anthu, chobwerera popanda thirakitala yoikankha, makamaka lamulo lija loti woyendetsa aike mapazi pansi, asayerekeze kuponda mabuleki. Chinthu cholemera matani ambirimbiri chikuyenda chammbuyo, woyendetsa sakuona kumene akupita, ndiye mukumuletsanso mabuleki?

Nkhani yonse yagona pa matayala akuluakulu apakati. Pa ndege zambiri mabuleki ali pamenepo basi, tayala la kumphuno lilibe. Ndipo pamene kulemera kwa ndege kwatsamira ndi patsogolo pang'ono chabe pa matayalawo. Ndege ikamapita kutsogolo n'kuponda mabuleki, thupi limaweramira pa tayala la kumphuno, ilo n'kulandira. Koma ikamabwerera, matayala apakati akaima mwadzidzidzi, thupi limafunabe kupitirira chammbuyo, ndiye limapendekera pa matayala omwewo. Mphuno imadzuka, mchira n'kumenya pansi, poti kumbuyoko kulibe tayala loti ligwire. Zili ngati ngolo yamatayala awiri ya ku Mbare Musika, msika wa kuno ku Harare, itadzaza matumba, ikamabwerera n'kugunda mwala, zogwirira zimangotukuka m'manja. N'chifukwa chake poimitsa ndege amatseka reverser n'kupereka mphamvu pang'ono yopita kutsogolo. Injini imene yaibweza ndi yomwenso imaiimitsa.

Nditagwira pamenepa, zina zonse zinayamba kulowa zokha. M'zaka za m'ma 1980 makampani a ndege a ku America monga Northwest ndi American ankachita powerback ndi ndege za mtundu wa DC-9, MD-80 ndi Boeing 727. Ndege zimenezi injini zake zili kumchira, pamwamba ndithu, choncho miyala ndi zinyalala zimene mpweya wautsa sizilowa msanga m'kamwa mwa injini. Komatu kulemera kwa injini kumchira komweko n'kumene kumapangitsa kuti kupendekera kukhale kosavuta. Boeing 737-200, ngati zija za Air Zimbabwe, injini zake zili pansi pa mapiko, pafupi ndi nthaka. Pa 13 January 1982 ku Washington, ndege ya mtundu umenewu ya Air Florida, Flight 90, thirakitala italephera kuikankha pa chipale chofewa, oyendetsa anayesa kubwerera ndi reverse thrust koma sizinatheke. Itanyamuka inagunda mlatho wa 14th Street n'kugwera mumtsinje wa Potomac, anthu 78 anafa. Zifukwa zazikulu zinali ayezi wa pamapiko ndi kusayatsa zotenthetsa injini, koma ofufuza anatchulanso kuti mpweya wobwezedwa uja ukanatha kuwonjezera ayeziyo.

Zonsezi zinatseguka nditatenga pensulo n'kujambula ndege chammbali, kadontho pa tayala lapakati, kenako mivi. Ine ndikuti palibe phunziro la ndege limene lingakanike mivi ya pensulo. Mavidiyo amakunamiza kuti wamva, koma dzanja likajambula muvi wolozera kolakwika umaona pompo. Jambulani, anzanga, ngakhale kuseri kwa lisiti.

Chimene chimandiwawa n'chakuti aphunzitsi athu anangodutsa pa mutuwu ndi chiganizo chimodzi pa slide, kuti powerback inasiyidwa chifukwa cha mafuta, phokoso ndi zinyalala zolowa m'injini. N'zoona, koma bolodi linali pomwepo, choko chilipo, mphindi ziwiri zikanakwana. Ukafunsa amati silabasi ndi yaitali. Ife tikatuluka timakaima pamzere wa makombi, kufika kunyumba kwada, magetsi kulibe, n'kumawerenga ndi tochi ya foni zinthu zimene zikanamveka masana.

Kwatsala ndege za mapulopela, monga C-130 ndi Dash 8, zimene zimabwerera pongotembenuza mipeni ya pulopela. Za mabuleki ndikuona kuti mivi yanga ikugwirabe ntchito. Koma ndikafika pa mpeni umodzi, kuti mpweya ukuuzungulira bwanji ngodya ya mpeniwo ikadutsa pa ziro, dzanja limayamba kukayika, ndipo kaya pensulo yokha indifikitsa pamenepo mayeso asanafike, kaya.