Nyimbo ya Amalume ndi Mafirizesi a Mayi a Kunyumba

Amalume anga, amene anayamba kutsogolera kwaya kumpingo kwathu ine ndisanabadwe, anapeka nyimbo yoti ikamveke pa chinkhoswe cha mwana wawo, ndipo atamva kuti mphwawo ali ndi situdiyo ku Chilomoni anatulukira Loweruka lina m'mwezi wa Okutobala atatchena jekete ndi tayi. Situdiyo yotchukayo ndi kachipinda kogona alendo, momwe muli laputopu yokalamba, maikolofoni imodzi, kabokosi kolumikizira maikolofoniyo ku kompyuta, komanso mabulangete okhomerera m'makoma kuti mawu asamabwerere.

Zing'wenyeng'wenye ndinali nditazikonzeratu mu pulogalamu yojambulira: ng'oma, piyano, magitala ndi malipenga, chilichonse chili ndi reverb (kamkokomo kokometsera mawu) yakeyake kuti zimveke za pamwamba. Amalume anavala mahedifoni, anakonza kukhosi, n'kuyamba ndime yoyamba. Asanafike pakati, mawu awo anayamba kuthetheka ngati chimanga chokazinga m'phale.

"Mphwanga," anatero atavula mahedifoni, "ndaimba m'maukwati ndi m'maliro osawerengeka, koma phokoso lotere silinatulukepo kukhosi kwanga." Anaitanitsa madzi ofunda, anaiyang'ana maikolofoni mokayikira, kenako anatchula bambo wina woimba besi m'kwaya yawo amene wakhala akusirira mpando wa utsogoleri kwa nthawi yaitali, nanena kuti zinthu zina sizichitika zokha.

Ndinayesa kuwalongosolera kuti nkhaniyi ndi ya masamu chabe. Kompyuta imayeza mawu maulendo 44,100 pa sekondi iliyonse, monga zimakhalira pa CD, ndipo miyezoyo imaikonza m'timagulu totchedwa buffer. Buffer ikakhala pa 64, monga inalili tsikulo, purosesa, ubongo wa kompyuta, imakhala ndi milisekondi imodzi ndi theka yokha (milisekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi) kuti iwerengere ng'oma, malipenga, reverb ndi mawu a woimba, ndipo ikangochedwa pang'ono pamatsala mpata wopanda kanthu, umene khutu limaumva ngati kuthetheka. Amalume anagwedeza mutu, koma nkhope yawo inaonetsa kuti bambo wa besi uja sanatuluke m'mlanduwo.

Ndinakweza buffer kufika pa 2048 kuti purosesa ipume, ndipo kuthetheka kunatheratu. Vuto lake n'lakuti gulu lalikulu chotere limatenga mamilisekondi 46 polowa ndi enanso 46 potuluka, kotero woimba amadzimva m'mahedifoni patapita pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi. Amalume atangotulutsa liwu loyamba anaima n'kufunsa mwaukali kuti, "Ndani akundiyeseza?" Anasuzumira kuseri kwa chitseko, anasuzumiranso kunsi kwa bedi. Nditawatsimikizira kuti munthu winayo ndi iwo omwe, anavomera kupitiriza, koma pokhala mtsogoleri wa kwaya wozolowera kudikira oimba ochedwa, anayamba kumudikira mnzawo wa m'mahedifoniyo. Iwo akachedwetsa, nayenso amachedwetsa, iwo n'kuchedwetsanso kuti awapeze, mpaka nyimbo ya chinkhoswe inayamba kuyenda pa liwiro la nyimbo yoperekezera bokosi kumanda. Mayi wina woyandikana nafe anafika pakhomo atamanga chitenje m'chiuno, anaodira motsitsa mawu, n'kufunsa kuti kwagwanji ndipo mwambo uyamba nthawi yanji.

Mayiyo atabwerera mokhumudwa pang'ono, ndinakhala pansi n'kuchita zonse zimene munthu wojambulira nyimbo kunyumba amayenera kuchita. Ndinadina batani la direct monitor pa kabokosi kaja, limene limatumiza mawu a maikolofoni molunjika kumahedifoni osadzera mu kompyuta, ndipo munthu woyeseza uja anasowa nthawi yomweyo. Ndinasankha driver (kapulogalamu koyendetsera chipangizo) ya ASIO ya kabokosiko, njira imene inayambitsidwa ndi Steinberg, eni ake a pulogalamu yojambulira nyimbo ya Cubase, kuti pulogalamu izilankhula ndi kabokosi mosazungulira. Buffer ndinaiika pa 512, reverb ndinasiya imodzi yoti zida zonse zigawane, ndipo malipenga ndi piyano ndinazisandutsa mawu ojambulidwa kale kuti purosesa isamaziwerengere mobwerezabwereza. Ndinazimitsa Wi-Fi, ndinatseka mapulogalamu ena onse, ndinalumikiza chaja, popeza laputopu ikamayendera batire imachepetsa dala mphamvu yake, kenako ndinapita kukhitchini kukatenga madzi ena ofunda.

Ndime yoyamba inalowa bwinobwino, yachiwirinso chimodzimodzi, ndipo amalume anayamba kuponda pansi ndi phazi. Titafika pa kolasi, pomwe iwo amakweza mawu kutchula dzina la mkamwini, kuthetheka kunabweranso, ulendo uno mwamphamvu kuposa poyamba. Nditatsegula Task Manager, yomwe imaonetsa mmene kompyuta ikugwirira ntchito, ndinaona kuti liwiro la purosesa latsika kwambiri ngakhale kuti ntchito ndinali nditaichepetsa, ndipo nditagwira pafupi ndi kiyibodi ndinabweza dzanja msanga. Purosesa ikayandikira madigiri 100 imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse, ndipo m'chipinda chofoleredwa ndi malata, chotseka mawindo, chokutidwa ndi mabulangete, dzuwa la Okutobala lili paliwombo, laputopuyo inali kale pamavuto. Chimene chinaimaliza ndinachipeza nditasuzumira kumbuyo kwake: jekete ya amalume, yopindidwa mwaluso, itatseka mabowo onse otulukira mpweya.

"Kachipupizo kake kamasokosa," anafotokoza mosatekeseka, "ndiye ndinati kasamveke m'nyimbo."

Tinachotsa jekete, koma kutentha sikunatsike msanga, ndipo kutsegula mawindo kukanalowetsa tambala wa aneba ndi mahutala a maminibasi. Apa m'pamene amalume, amene pobwera anaona firiji pabalaza, anatulukira nzeru. Mayi a kunyumba amagulitsa mafirizesi, ndipo tsikulo anali atapita kumsika wa Limbe. Amalume anati tingobwereka ochepa, tidzawabwezera m'firiji eni ake asanafike. Tinawayala m'thireyi, tinayalapo thaulo poopa chinyezi, pamwamba tinaika timatabwa tiwiri kuti mpweya uzidutsa, kenako laputopu. Ngakhale njirayi sindingailangize kwa munthu amene amakonda kompyuta yake, inagwira ntchito modabwitsa, moti liwiro linakwera ndipo kolasi inalowa yosalala. Oyambawo atasungunuka tinatenga ena, popeza amalume anafuna kuimbanso tenala, besi ndi alito okha, ndipo liwu lililonse linadya thireyi yake.

Titangosunga nyimbo yomalizidwa, magetsi anazima, ndipo chiyembekezo choti mafirizesi aumenso chinazima nawo. Mayi a kunyumba anafika n'kupeza ana atandandalika pageti ndi ndalama m'manja, firiji ili pululu, ndipo katundu wawo yense ali m'beseni, wasanduka timatumba ta madzi ofunda ofiira ndi achikasu. Ine sanandiyang'ane n'komwe. Anagwada mwaulemu, anapereka moni kwa amalume, anafunsa za kumudzi ndi za zokonzekera chinkhoswe, kenako anakokera beseni pafupi n'kuyamba kuwerenga timatumbato kamodzikamodzi mokweza mawu.

"Amalume, tathokoza kwambiri," anatero atamaliza. "Chiyambireni bizinesi imeneyi sindinapezepo kasitomala wogula katundu yense tsiku limodzi."

Amalume anatsegula pakamwa, anatsekanso, kenako anapisa m'thumba la jekete yofunda ija n'kulipira. Potuluka anandinong'oneza kuti ndalamayo ndiichotsere pa malipiro anga a situdiyo, ngakhale kuti nkhani ya malipiro inali isanatchulidwepo ndi munthu aliyense. Atafika pageti anatembenuka n'kulengeza kuti, popeza makinawo tsopano tawadziwa mankhwala ake, abweretsa kwaya yonse kuti ijambule chimbale chathunthu. Ine ndisanapeze poyambira kukana, mayi a kunyumba anali atafunsa kale kuti chimbalecho chidzakhala ndi nyimbo zingati, kuti adziwiretu kuchuluka kwa shuga ndi timapepala toti akaode.