Ndiwo za m'mayikulowevu ya alamu

Mwezi wa Okutobala kuno ku Ngabu munthu safuna chipangizo chomuuza kuti kwatentha, komabe ine, mphunzitsi wa sayansi, ndinasankha mwezi womwewo kuti ndiyeze kutentha pamalo amene ngakhale akatswiri amapukusa mitu. Ndinali nditawerenga kuti kuyambira mu 1986 akatswiri a chemistry akhala akufulumizitsa ntchito yawo ndi mayikulowevu, ndiponso kuti ena amadutsitsa zamadzimadzi m'kapaipi kopyola mkati mwake m'malo moziika m'botolo. Ndinafuna kuonetsa ana a Fomu 4 mmene shuga wa m'madzi a nzimbe amasinthira akasakanizidwa ndi mandimu n'kutenthedwa, choncho ndinakabwereka mayikulowevu ya alamu anga, n'kuwanamiza kuti ndikufuna kufunditsa ndiwo.

Ndinaboola timabowo tiwiri pa mayikulowevuyo ndi msomali, uku ndikudzilimbitsa mtima kuti mafunde ake, otalika pafupifupi masentimita 12, sangatulukire pakabowo kotere. Ndinapisapo kapaipi ka diripi, chigubu cha madzi a nzimbe za ku Nchalo ndinachikweza pakabati, ndipo madziwo anayamba kuyenda bwinobwino.

Vuto linali kudziwa kutentha kwa mkatimo. Poyamba ndinaloza chitseko ndi kamfuti koyezera pamphumi kamene kanatsala nthawi ya Covid, ndipo kanalemba 41, ngati kuti mayikulowevuyo yadwala malungo. Kamfutiko kamangowerenga pamwamba pa chinthu, motero kanayeza galasi, madzi ayi. Kenako ndinaviika thermometer m'kapu yolandirira madziwo, nayo inanena 62, koma madziwo anali atazizira kale m'njira.

Apa m'pamene nzeru zinandipitirira. Ndinatenga kawaya koyezera kutentha ka pa mita yanga ya magetsi, n'kukalowetsa pabowo lomwelo mpaka kukhudza kapaipi. Ndinkadziwa ndithu kuti akatswiri amagwiritsa ntchito kaulusi kagalasi kotchedwa fibre optic, chifukwa chitsulo chimakoka mafunde ngati eriyo ya wailesi, n'kudzitenthera chokha, koma ndinaganiza kuti kawaya kakang'ono chotere mayikulowevu sikaona.

Inakaona. Mkatimo munang'anima ngati mphezi ya mvula yoyamba, manambala a pamita anathamanga osaima, kapaipi kanasungunuka, ndipo madzi a nzimbe anamwazikira mbali zonse n'kupserera, nyumba yonse n'kumanunkha ngati pophikira switi. Pofuna kupulumutsa kawaya kanga ndinakagwira ndi chala, ndipo mfuu imene ndinakuwa inabalalitsa mbuzi za aneba zimene zinkausa pakhonde.

Alamu anafika madzulo nyerere zitandanda kale mzere kulowera pabowo la msomali. Anatsegula chitseko, nayang'anitsitsa phula lakuda limene linamatirira pambale, kenako anandifunsa mwaulemu wonse kuti, "Alamu, ndiwo zija ndi zimenezi?" Nditawafotokozera za mafunde ndi eriyo, anamvetsera mpaka pamapeto osandidula mawu, n'kufunsanso kuti, "Nanga kutenthako munakupeza?"

Ndinawaonetsa thuza la pachala. Iwo anagwedeza mutu, nanditchulira mtengo wa mayikulowevu yatsopano ku Blantyre, kuphatikizapo ndalama ya minibasi yokwera Thabwa, kupita ndi kubwera.